Chaka chino ndi chako? Tamuwerengeni bwinobwino Yeremiya uja

Usiku wa pa 31 Disembala mu Mzuzu muno anthu sagona. Kuyambira ku Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo mpaka ku Luwinga masipika amakhala ali pamwamba, maholo a sukulu ndi matenti atadzaza, ndipo ikamakwana 12 koloko mawu amakhala amodzimodzi paliponse: chaka chino ndi chako, chaka chino ukwatiwa, chaka chino visa ituluka, ngongole zako zonse zafufutidwa, landira! Anthu nkumakuwa kuti ndalandira papa. Ine sindikunyoza kupemphera usiku ayi, bola kulowa chaka uli m'nyumba ya Mulungu kusiyana nkulowa uli thapsa m'ngalande. Vuto langa lili pa zomwe timauzidwa kumeneko, chifukwa pofika Malichi alandilodi akugogoda ngati kale, mwana wabwezedwa fizi, ufa watha chimanga chatsopano chisanache, nde munthu uja amayamba kudzifunsa kuti kodi ine ndinalakwanji, kapena chikhulupiriro changa nchochepa, kapena alipo wina kumudzi anandimanga. Akabwerera kwa amene analosera uja yankho limakhala lokonzeka kale, akuti simunabzale mbewu yokwanira.

Ndinene mosapsatira, chimenecho si chiyembekezo cha chikhristu, ndi geni. Ndipo geni yakeyo ikufooketsa anthu ambiri kuposa mmene umphawi weniweniwo ukuchitira, chifukwa munthu amene walonjezedwa mwezi ndi tsiku, tsikulo likadutsa osaona kanthu, sakwiyira mneneri uja, amakwiyira Mulungu yemwe sananene nkomwe zimenezo.

Ife okhala kuno sitifunika wina kudzatiphunzitsa kuti zinthu zimatembenuka mwadzidzidzi. Pa 10 Juni 2024 ndege yomwe inanyamula wachiwiri kwa pulezidenti, a Saulos Chilima, inalephera kutera pa bwalo lathu lomweli chifukwa nyengo inali yoipa, nkuuzidwa kuti ibwerere ku Lilongwe, ndipo mawa lake inapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atatisiya. Anthu amenewa ankapita kumaliro a malemu Ralph Kasambara ku Nkhata Bay, kukapepesa anzawo, osadziwa kuti sabata imeneyo dziko lonse likhala likulira iwowo. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake, mu Novembala 2023, tinagona ndi kwacha ina nkudzuka ndi ina atayigwetsa ndi 44 peresenti, funsani amayi a pa msika wa Taifa amene amakapikula zitenje ndi nsapato ku Tanzania mmene mpamba unafotera ali nawo m'manja, popanda wakuba, popanda moto. Amene analipo mu Disembala 2015 akukumbuka laibulale ya Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, itapsa ndi mabuku ake. Kumayambiriro kwa 2025 Amereka itaimitsa thandizo lake lambiri, anthu a m'mabungwe omwe tinkawasirira ndi magalimoto oyera aja anangouzidwa kuti pulojekiti yaima, khalani kaye kunyumba. Ndipo izi ndi zomwe zinamveka pa wailesi, koma zambiri ndi zapakhomo, foni ya 2 koloko usiku yoti tabwerani msanga bambo agwa ndi BP, mwana wagundidwa ali pa kabaza, mwamuna amene anapita ku Joni wangosiya kuyankha foni. Tsoka silinunkha, anatero akuluakulu.

Baibulo silinatibisire zimenezi. Yakobo, pa chaputala 4, akulankhula ndi anthu a geni enieni, aja amati lero kapena mawa tipita mzinda wakuti, tikakhala chaka, tikagula nkugulitsa nkupindula, ndipo akuwauza kuti inu za mawa simukuzidziwa, muziti Ambuye akalola. Sakuwaletsa ulendo, sakuti tayani mpamba, akungoti musamalankhule ngati mawa lili m'thumba mwanu. Nde ngati mtumwi akuti za mawa sitizidziwa, mnyamata wa suti yonyezimira amene akugulitsa botolo la mafuta wazidziwira kuti?

Pali vesi ina yomwe sikusowa pa sitetasi za WhatsApp, pa makalendala, olo kumbuyo kwa minibasi: Yeremiya 29:11, ija yoti Mulungu akudziwa zomwe akutilingalira, zamtendere osati zoipa, kutipatsa tsogolo ndi chiyembekezo. Vesi yabwino zedi, inenso ndimaikonda. Koma ndi angati amene anakwerako pang'ono nkuwerenga vesi 10? Kapena kubwerera chaputala 28? Chifukwa nkhani yonse ili pamenepo ndipo ikufanana ndi zathuzi moti umachita kudabwa.

Zinali chonchi. Nebukadinezara anali atatenga kale gulu la anthu a ku Yerusalemu, mfumu, akuluakulu ndi amisiri, kupita nawo ku Babulo. Otsala ndi otengedwa onse funso linali limodzi, kodi zimenezi zitha liti? Nde kunabwera mneneri wina dzina lake Hananiya, anaima m'kachisi anthu atadzaza nkulengeza kuti Mulungu wathyola goli la mfumu ya Babulo, zisanathe zaka 2 ziwiya za m'kachisi zibwerera, mfumu ibwerera, anthu onse abwerera. Mukuona? Uthenga wa chaka chino ndi chako unayamba kalekale. Ndipo munthuyo ankadziwa kuchita sewero, anachotsa goli lamtengo lomwe Yeremiya anavala m'khosi nkulithyola anthu akuona, lero bwezi kakanema kake katazungulira magulupu onse. Chomwe chimandikhudza ndi yankho loyamba la Yeremiya, anati Amen, Mulungu achitedi zimenezo. Iyenso ankafuna zikanakhala choncho, sanali munthu wokonda mavuto. Koma anawonjezera kuti mneneri wolosera mtendere timamudziwa kuti ngotumidwadi pokhapokha zimene wanenazo zikachitika. Kenako Mulungu anamutuma kukamuuza Hananiya kuti iwe sindinakutume, wachititsa anthuwa kukhulupirira bodza, ndipo Hananiya anamwalira chaka chomwecho patangopita miyezi 2.

Apa mpamene Yeremiya analembera kalata anthu a ku Babulo aja, ndipo m'kalatamo ndi momwe muli vesi yathu ya pa sitetasi. Anawauza kuti zaka zake ndi 70, osati 2. Tangoganizani bambo wa zaka 40 akumva kalata imeneyo ikuwerengedwa, akuwerengetsa zala nkuzindikira kuti iyeyo kwawo sadzakuonanso, adzaikidwa konko kuchilendo. Ndipo kalata yomweyo ikunenanso kuti mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, berekani, kwatitsani ana anu, musachepe, ndipo mufunire zabwino mzinda umene mwatengedwerako nkumaupempherera, chifukwa mtendere wake ndi mtendere wanunso. Atanena zonsezi mpamene akuti ndikudziwa zomwe ndikukulingalirani. Lonjezo lija linapita kwa anthu amene ambiri a iwo sanalione ndi maso likukwaniritsidwa, analiona ndi ana ndi adzukulu, koma silinali bodza, anthu anabwereradi ndipo kachisi anamangidwanso. Bodza linali la zaka 2 lija, lokoma m'khutu.

Ndipo Yeremiya sanangolalikira pakamwa. Pa chaputala 32, asilikali a Babulo atazinga Yerusalemu, iye ali m'ndende m'bwalo la alonda, kunabwera msuweni wake Hanameli kudzamutsatsa munda wa ku Anatoti. Aliyense woganiza bwino akanati achimwene mwapenga, munda womwe adani aponda kale ndani angagule? Iye anagula, masekeli 17 a siliva, anasaina pamaso pa mboni, nkuuza Baruki kuti makalata a mundawo awaike mumtsuko wadothi kuti akhalitse, chifukwa tsiku lina nyumba ndi minda zidzagulidwanso m'dziko limenelo. Kwa ine chiyembekezo cha chikhristu ndi chimenechi. Munthuyo akudziwa bwinobwino kuti mzinda ugwa, sakudzinamiza, koma akutulutsa ndalama yake chifukwa cha mawu a Mulungu okhudza nthawi yomwe iye mwini sadzaidyerera. Zili ngati mlimi wa ku Misuku amene akubzala khofi lero akudziwa kuti padutsa zaka 3 kapena 4 asanathyole kanthu, ndipo pakati pamenepa mvula itha kuvuta, mitengo ya feteleza itha kukwera, koma akukumbabe mayenje.

Ndikudziwa ena atentha kale mtima, akuti nde inu mukuti Mulungu sachita zozizwitsa? Mukutiphera chikhulupiriro. Ayi abale anga, Mulungu amachiritsa, amatsegula njira pomwe panalibe, ndipo tonse tili nawo maumboni a anthu amene madokotala anagwedeza mutu koma lero akuyenda. Pemphani ndithu, pemphani molimba mtima. Koma tamverani mmene anayankhira anyamata atatu aja pa Danieli 3 ng'anjo ili patsogolo pawo, anati Mulungu wathu angathe kutipulumutsa, koma ngakhale asatero, fano lanulo sitilipembedza. Mbali yachiwiriyo, ya ngakhale asatero, ndi imene yasowa m'maulaliki ambiri masiku ano, ndipo ndi imene imamugwira munthu tsiku lomwe pemphero layankhidwa mosiyana. Pa Machitidwe 12 Petulo anatulutsidwa m'ndende ndi mngelo, koma chaputala chomwecho chikuyamba ndi Yakobo mbale wa Yohane ataphedwa ndi lupanga. Kodi mpingo unamupempherera pang'ono Yakobo? Kapena sanabzale mbewu? Chikhulupiriro chomwe chili ndi malo a Petulo yekha, chopanda malo a Yakobo, chimagwa pa maliro oyamba.

Pali enanso, makamaka achinyamata ophunzira amene atopa nazo, iwo amati nkhani za chiyembekezozi ndi zomwe zatigonetsa a Malawi, zinthu zikuonongeka ife tili gwadegwade, mafuta akasowa tipemphere, mankhwala akasowa m'chipatala tipemphere, akuba akuba ife tili Mulungu adziwa. Awa ndimawamvetsa kwambiri ndipo theka la zomwe akunena nzoona. Chilipo chikhristu china chaulesi chomwe chimabisala kuseri kwa zonse ndi nthawi ya Mulungu, ndipo andale amachikonda chifukwa sichifunsa malisiti. Koma kalata ya Yeremiya ija sinati khalani pansi mudikire zaka 70, inati mangani, limani, funirani mzinda zabwino. Ndipo mbiri yathu yomwe ikutsutsa zoti chiyembekezo chimagonetsa. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kumanga anthu popanda mlandu, kutseka anthu pakamwa ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka, nthawi yomwe kungodandaula pa basi kunali kokwanira kuti munthu asowe. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu yomwe ino, anathamangitsidwa m'dziko muno. Amene anasaina kalata ija sankadziwa kuti mu Juni 1993 kudzakhala referendamu, sankadziwa olo zoti adzakhala ndi moyo pofika Khrisimasi. Anachita chifukwa ankakhulupirira kuti pamwamba pa Kamuzu pali wina, ndipo mawu omaliza ndi a ameneyo. Munthu wopanda chiyembekezo ndi amene amati palibe chingasinthe, nde tingodya nawo.

Olo mishoni ya Livingstonia yomwe sinodi yake ili ndi likulu mu mzinda uno sinayambe ndi chipambano. Amishonale anafika ku Cape Maclear mu 1875, malungo anawatha, anasiyako manda, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, chaka chomwe anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Akanakhala a masiku ano bwezi atati palibe chisomo pamalo pano, tiyeni tikatsegule nthambi kwina komwe kuli ndalama.

Tsopano za nkhawa yeniyeniyo, ija imakudzutsa 3 koloko m'bandakucha mtima ukugunda, kuwerengetsa ndalama zomwe palibe. Apa mpingo timalakwitsa zedi. Munthu akangoti ndili ndi nkhawa timamuponyera Mateyu 6, musadere nkhawa za mawa, ngati tikumukalipira, ndipo amachoka ndi mitolo iwiri, nkhawa yake ija ndi manyazi oti ndi mkhristu wofooka. Koma Yesu ankalankhula ndi anthu osauka amene funso loti tidya chiyani, tivala chiyani linali lenileni, ndipo anawauza kuti Atate wanu akudziwa kuti mukuzisowa zimenezi, sanati nzopanda ntchito. Anamaliza nkuti tsiku lililonse lili ndi zovuta zake zokwanira, kutanthauza kuti zovuta zilipo ndithu, kungoti usasenze za Lachisanu lero Lachiwiri. Ndipo Yesu yemweyo ku Getsemane anauza anzake kuti mtima wanga wadzaza chisoni chofa nacho, khalani nane pano. Ngati Mwana wa Mulungu anapempha anzake kuti achezere naye usiku wovuta, bambo wa ku Chiputula amene katapila wamufika m'khosi alakwa chiyani kunena kuti zandikulira?

Ndikunena za abambo dala, chifukwa malipoti a apolisi akhala akusonyeza mobwerezabwereza kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno ambiri ndi amuna, ndipo ngongole ndi nkhani za m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Ambiri mwa anthu amenewa si akunja, ndi anzathu a m'kwaya, a m'komiti ya chitukuko, amene Lamulungu lapitalo tinawapatsa moni nkuyankha kuti tili bwino mwa chisomo. Tinawaphunzitsa kuti mwamuna salira, tinawonjezera kuti mkhristu sadandaula, nde atsala ndi khomo liti? Ngati munthu sakugona masabata, sakudya, wasiya kucheza, akulankhula zoti bola kungofa, ameneyo mupempherereni inde koma mumuperekezenso kwa odziwa za maganizo. Ife a Mzuzu tili ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe, St John of God ili konkuno ndipo ntchito yawo ndi imeneyi, komanso amene anaiyambitsa ndi anthu a mpingo, nde musati kupita kumeneko nkusowa chikhulupiriro. Malungo timathamangira nawo kuchipatala osafunsa m'busa, zamaganizo zokha nde tizingodzudzula ziwanda mpaka munthu atapita?

Pansi pa zonsezi pali chinthu chimodzi chomwe chikapanda kukhala choona, zonse ndalembazi ndi zolimbikitsana chabe ngati za m'masemina. Paulo ananena yekha pa 1 Akorinto 15 kuti ngati Khristu sanauke chikhulupiriro chathu nchachabe, ndipo ngati tikuyembekezera Khristu pa moyo uno wokha ndife omvetsa chisoni kuposa anthu onse. Chiyembekezo chathu chaima pa manda omwe anapezeka opanda munthu, pa chinthu choti chinachitika kale, osati pa mmene dola iyendere mwezi wamawa kapena amene wawina chisankho. Ndi chifukwa chake pa maliro a mkhristu timalira ndithu, Yesu naye analira pa manda a Lazaro akudziwa kuti amuukitsa posachedwa, koma Paulo akuti tisalire ngati anthu opanda chiyembekezo. Sanati tisalire. Ndimadana nazo zedi zija mlaliki amakalipira namfedwa kuti pukutani misozi mukuchititsa manyazi Ambuye, mayi woti wataya mwana dzulo. Musiyeni alire, inu muyimbe sumu, mumugwire dzanja, Mulungu sachita manyazi ndi misozi, Masalimo ochuluka ndi madandaulo.

Ndipo mukaonetsetsa, nthawi zambiri chiyembekezo chimafika pakhomo ndi miyendo ya anthu. Ndi amayi a Umanyano ndi a Mvano amene amafika ndi nkhuni ndi kabeseni ka ufa uthenga usanafike nkomwe kwa achibale a ku Lilongwe, ndi a mphakati amene amasinthana kugona kuchipatala ndi wodwala yemwe kwawo nkutali, ndi mnzako wa banki m'khonde amene amati mwezi uno ndikuponyera ine udzandibwezera ukapeza. Ambiri a ife tinabwera kuno ndi ntchito kapena sukulu, kwathu ndi ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mulanje, ndipo tsiku la tsoka amene amayamba kufika si abale a magazi, ndi a mpingo, ena olankhula Chitumbuka, ena Chitonga, ena Chinkhonde, osafunsa kuti ndinu a chigawo chiti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene amangopemphera pa TV ndi pa Facebook, kutumiza mbewu pa foni kwa munthu amene sadziwa olo dzina lake, tsiku limenelo adzaona kuti TV sinyamula bokosi.

Nde funso langa likupita kwa akuluampingo, madikoni ndi makomiti athu onse, a mipingo yakale ndi yatsopano yomwe. Timatha kusonkha mamiliyoni pa Pepa Sande ya matailosi, ya mpanda, ya galimoto ya abusa, ndipo magulu amapikisana mpaka kuvina. Nanga thumba la odwala ndi amasiye muli zingati? M'mipingo yambiri ndi kambale kamene kamayenda komaliza anthu atayamba kale kutuluka. Bwanji chaka chino pa bajeti pakhale mzere weniweni wa mwana amene bambo ake amwalira pakati pa teremu, wa mayi amene katundu wake walandidwa pa boda mpamba wonse nkuthera pomwepo, wa mnyamata amene akufunika thiransipoti yopita kukaonana ndi alangizi? Ndipo bwanji pa mapemphero a pa 31 Disembala akubwerawa wina alimbe mtima, aimirire kutsogolo nkuwerenga Yeremiya 29 kuyambira vesi 4, osadumpha vesi 10, olo anthu ena atanyamuka kupita ku tenti ya pafupi komwe akulonjeza magalimoto.